Miyala ya simenti pabalaza: ndalama zimapita kuti?

Masiku ano munthu akalowa m'nyumba zatsopano m'matauni, m'malo ogona alendo ngakhalenso m'masaluni, si zachilendo kupeza khoma limodzi litavala miyala kuchokera pansi mpaka kudenga. Kawirikawiri limakhala khoma la pabalaza pomwe pamakhala wailesi yakanema, kapena la pakhonde loyang'ana kugeti. Mlendo amaganiza kuti mwini nyumba adaitanitsa lole ya miyala kuphiri. Koma akaligwira bwino khomalo amapeza kuti mwala weniweni palibe ndi umodzi womwe. Ndi pulasitala wamba amene mmisiri adamugoba akadali wofewa, kenako n'kumupaka mitundu.

Luso limeneli limakopa anthu chifukwa limaoneka la ndalama zambiri pomwe zipangizo zake n'zochepa. Khoma la pabalaza la nyumba wamba limatha ndi matumba awiri a simenti, mawilibala asanu a mchenga ndi timapaketi tingapo ta okusayidi, ufa wa mitundu uja umene anthu adazolowera kuthira pansi m'nyumba. Pamene anthu amaluzira ndalama si pogula zipangizozi ayi, koma pamene miyala ija yayamba kung'aluka ndi kusupuka patangotha miyezi yochepa. Khoma lotere likalakwika silikonzeka ndi penti. Pamafunika kugumula zonse, kugulanso simenti ndi kulipiranso mmisiri, ndipo ntchito imene imati ikhale yotchipa imadya kawiri.

Kutsanzira mwala ndi simenti si nzeru ya dzana. Dzina loti Portland limene limalembedwa pamatumba ambiri a simenti lidachokera komweko. Joseph Aspdin, mmisiri womanga wa ku Leeds m'dziko la England, adalembetsa simenti wake m'chaka cha 1824, ndipo adamupatsa dzinalo chifukwa akauma ankafanana ndi mwala wodula wochokera kudera la Portland. Choncho mmisiri amene akugoba miyala pa pulasitala sakumukakamiza simenti ntchito yachilendo.

Kuwerengera kuyambe ndi matumba, osati makwacha

Mtengo wa simenti sukhazikika. Umasiyana pakati pa tauni ndi tauni, ngakhalenso pakati pa masitolo awiri oyang'anizana. Wina amachokera kufakitale ya Shayona ku Kasungu, wina ku Cement Products Limited ku Mangochi, wina ku Portland Cement mu Blantyre, pomwe wina amalowa kuchokera kumaiko oyandikana nawo monga Zambia, ndipo mtunda umene thumba layenda umaonekera pamtengo. Chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogula adaphunzira kuti mtengo umene munthu adamva mwezi watha sungadaliridwe. N'chifukwa chake bajeti yabwino ya ntchitoyi imalembedwa m'matumba, mawilibala ndi makilogalamu, ndipo makwacha amaikidwa tsiku logula, munthu atafunsa masitolo atatu.

Mwachitsanzo, khoma lotalika mamita 3 m'mbali ndi mamita 2.7 kupita m'mwamba limakwana masikweya mita 8. Miyala yogoba imafuna pulasitala wokhuthala masentimita awiri, zomwe zikutanthauza matope a simenti okwana malita 160. Muyezo woyenera ndi ndowa imodzi ya simenti pa ndowa zinayi za mchenga. Thumba la makilogalamu 50 limakhala ndi simenti wa malita pafupifupi 33, ndiye kuti limayenda ndi mawilibala awiri a mchenga, ndipo limatulutsa matope a malita 120 kapena kuposerapo pang'ono. Pamasamu okha khomali likufuna thumba limodzi ndi theka. Theka lotsalalo limapita kumatope oyamba owaza pakhoma, kumatope ogwa pansi pogoba, ndi kokayesera luso mmisiri asadakhudze khoma lenileni.

Simenti wolembedwa 32.5 ndi wokwanira pantchitoyi. Wa 42.5 ndi wa ntchito zolemera monga konkire wa mizati, ndipo kumugulira khoma lokongoletsa n'kungowonjezera mtengo. Chofunika kwambiri ndi kuligwira thumbalo. Likakhala ndi zibuluma zosafumbutuka ndi zala, ndiye kuti lidamwa chinyezi ndipo mphamvu zake zachepa. Simenti wogula pakilo kuchokera m'thumba lotsegula kale amaoneka wosaboola m'thumba, koma palibe amene amadziwa kuti wakhala masiku angati pamphepo.

Mchenga nawo uli ndi mayeso ake osafuna ndalama. Munthu amathira mchenga m'botolo loonekera mkati mpaka masentimita 10, n'kuthiramo madzi, kukhutchumula ndi kulisiya usiku wonse. Mchenga umakhazikika pansi, dothi limakhala pamwamba pake. Dothilo likafika sentimita yathunthu, mchenga umenewo ndi wakuda kwambiri ndipo pulasitala wake adzang'aluka pouma. Ndi bwino kuutsuka kapena kusintha wogulitsa. Mchenga wabwino usefedwe kuti timiyala tisamakoke mpeni pogoba.

Okusayidi amapezeka wofiira, wachikasu, wakuda ndi wofiirira. Akamasakanizidwa m'matope asapitirire makilogalamu 5 pa thumba limodzi la simenti, chifukwa akachuluka amafooketsa pulasitala, ndipo makilogalamu awiri amakwanira kusintha mtundu. Njira yosadya ndalama ndi yopaka mtundu pamwamba pokha. Pamenepo kilogalamu imodzi ya mtundu uliwonse mwa mitundu itatu imakwanira khoma lonse n'kutsalako.

Njira zina ndi mtengo wake wobisika

Miyala yeniyeni yafulati imene imagulitsidwa m'mbali mwa misewu ndi yolimba ndipo siifuna penti. Vuto lake ndi kulemera. Mwala wokhuthala masentimita 4 umalemera makilogalamu pafupifupi 100 pa sikweya mita, ndiye kuti khoma la chitsanzo lija likufuna makilogalamu 800. Pamtengo wa miyalayo pamawonjezeka galimoto, onyamula, simenti womatira ndi masiku ambiri a mmisiri posema mwala uliwonse kuti ulowe m'malo mwake.

Palinso mapanelo apulasitiki ndi mapepala omata ooneka ngati miyala amene amachokera kunja. Amamatidwa tsiku limodzi ndipo sadetsa nyumba, koma mtengo wake umayendera ndalama zakunja, ndipo panelo imodzi ikawonongeka pakatha chaka, ya mtundu womwewo mwina sipezekanso m'sitolo. Ena amadula zidutswa za thovu loyera lija lotetezera mafiriji ndi mawailesi m'makatoni, n'kuzimata pakhoma ndi kuzipaka penti. Njirayi ndi yotchipa kuposa zonse, koma thovulo limagwira moto msanga ndipo utsi wake ndi woipa. M'nyumba momwe mumayatsidwa kandulo magetsi akazima, kapena momwe mumalowa mbaula nyengo yozizira, khoma lotere ndi ngozi yongodikira tsiku. Komanso mwana akalikanda ndi chikhadabo limabooka.

Pulasitala wogoba ali pakati pa njira zimenezi. Zipangizo zake zimapezeka paliponse pamene pali sitolo ya zomangira, ndipo pakawonongeka malo amodzi mmisiri aliyense waluso atha kukonza.

Si khoma lililonse lomwe lingasenze

Pulasitala wa masentimita awiri amalemera makilogalamu pafupifupi 40 pa sikweya mita. Pakhoma la masikweya mita 8 ndi makilogalamu 320, kuposa matumba 6 a chimanga atapachikidwa pakhoma pomwe ana amakhala poonera kanema. Katundu wotere amafuna pogwira podalirika.

Khoma la njerwa zowotcha kapena la mabuloko a simenti limagwira bwino. La zidina, kapena lomangidwa ndi matope a dothi, silimvana ndi pulasitala wolemera chonchi, ndipo tsiku lina amagwa chiphanthi chonse. Pakhoma lotere ndi bwino kungojambula miyala ndi penti.

Ngati khomalo lili kale ndi pulasitala, mwini wake aligogode paliponse ndi chogwirira cha sikuludiraiva. Pamene pakulira ngati chigubu chopanda madzi ndiye kuti pulasitala adalekana kale ndi njerwa, ndipo malo amenewo agumulidwe. Penti yense achotsedwe kapena khomalo likhapidwe ndi nyundo yosongoka mpaka simenti wa pansi aoneke paliponse. Matope atsopano akaikidwa pamwamba pa penti amagwira pentiyo, osati khoma.

Mdani wamkulu ndi chinyezi. Khoma limene limatuluka ufa woyera ngati mchere m'munsi mwake, kapena limene penti wake amatupa nyengo ya dzinja, likumwa madzi kuchokera pansi kapena padenga. Kuliphimba ndi miyala n'kubisa bala lisadapole. Anthu a mumzinda wa Baltimore ku America adaziona zimenezi. Kumeneko, luso lomata miyala ya simenti panyumba za njerwa lotchedwa Formstone, limene Albert Knight adalembetsa mu 1937, lidafala m'misewu yathunthu. Patapita zaka, eni nyumba ena adapeza kuti madzi olowa m'ming'alu ankatsekeredwa kuseri kwa miyalayo n'kumadya njerwa mwakachetechete, ndipo kuchotsa zomatazo idasanduka ntchito ina yolipira. Phunziro lake ndi lakuti denga lodontha, ngalande yosefukira ndi paipi yotaya madzi zikonzedwe kaye miyala isadabwere.

Zamagetsi nazo zitsogole. Ngati pakhomalo padzakhala wailesi yakanema, masoketi ndi mapaipi a mawaya aikidwe kaye ndi wodziwa ntchitoyo, ndipo pamene padzakhomedwe chitsulo chopachikira pasiyidwe posalala. Kuboola miyala itatha kale kumasiya chigamba chimene mtundu wake sufanana ndi pena ponse.

Ntchito ya masiku atatu, kudikira kwa mwezi

Tsiku loyamba khoma limatsukidwa fumbi, kunyowetsedwa pang'ono, kenako kuwazidwa matope amadzimadzi a simenti ndi mchenga wofanana muyezo. Amawazidwa ndi burashi yolimba kapena tsache kuti khoma likhale la nthudza, ndipo amasiyidwa kuti agwire mpaka mawa lake. M'masitolo mumapezekanso mankhwala omatira owonjezera m'madzi a matopewa. Pakhoma losalala kwambiri botolo limodzi la mankhwalawa ndi ndalama yopita pamalo oyenera.

Tsiku lachiwiri mmisiri amaika pulasitala woyamba wokhuthala sentimita imodzi, n'kumukanda mizere ndi msomali asadaume. Tsiku lachitatu ndiye la miyala. Pulasitala wachiwiri amaikidwa wokhuthala sentimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo sasalazidwa. Ena amafuna kuika masentimita onse awiri nthawi imodzi kuti asunge tsiku, koma matope okhuthala chonchi amatsetsereka ndi kung'aluka. Pulasitala wachiwiri asakhalenso ndi simenti wambiri kuposa woyamba, chifukwa pouma amakoka wa pansiyo n'kumusupula.

Nthawi yogoba imadziwika ndi chala chachikulu: chikadinda chizindikiro popanda matope kumatirira, ndiye kuti yakwana. Nyengo yotentha nthawiyi imafika msanga kwambiri, choncho mmisiri wanzeru amamata sikweya mita imodzi kapena ziwiri, n'kugoba, asadapitirire. Matope asakanizidwe okwanira ola limodzi lokha. Amene ayamba kuuma m'wilibala asathiridwenso madzi kuti afewe, chifukwa mphamvu zake sizibwerera.

Zida zogobera zambiri zili kale pakhomo. Supuni yakale yopindidwa imakumba mizere ya pakati pa miyala. Jumbo yofwinyidwa, siponji, burashi ya waya kapena mwala weniweni wodinda pamatope zimapereka khungu la mwala. Mizere isazame kupyola pulasitala wachiwiri, ndipo ikatha kugobedwa isesedwe ndi burashi yofewa kuti m'mphepete mwa miyala musakhale mwakuthwa.

Chimene chimasiyanitsa ntchito yabwino ndi yachinyengo ndi kayalidwe ka miyalayo. Womanga ndi miyala yeniyeni amaika ikuluikulu pansi, salola mzere umodzi kutsika molunjika kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo sakumanitsa ngodya zinayi pamalo amodzi ngati mtanda. Wogoba akaiwala malamulowa khoma limaoneka ngati chikopa cha fulu. Sukulu yaulere ili m'misewu momwemu: ngalande ndi makalavati omangidwa ndi miyala, maziko a matchalitchi akale ndi mipanda ya miyala. Kujambula chithunzi cha khoma lotere pafoni ndi kuchitsanzira pansi ndi choko kumathandiza kuposa kungoganiza pamutu.

Ikatha ntchito yogoba, khoma liwazidwe madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7. Simenti salimba chifukwa chouma, amalimba chifukwa chomwa madzi pang'onopang'ono, ndipo mphamvu zake zambiri zimakwanira pakatha masiku 28. Apa ndi pomwe ambiri amagwa mphwayi, poti madzi oterewa saoneka phindu lake tsiku lomwelo. Kutentha kwa mu Okutobala kumaumitsa pulasitala asadalimbe, pomwe m'dzinja khoma la panja limakokoloka ndi mvula. Miyezi yozizira ya pakati pa chaka ndiyo yabwino, ndipo khoma la padzuwa liphimbidwe ndi masaka onyowa.

Mtundu umaikidwa m'njira ziwiri. Okusayidi wosungunula m'madzi pamodzi ndi simenti pang'ono amapakidwa pulasitala akadali wamuwisi kuti alowerere. Wofuna penti wa madzi adikire masabata atatu kapena anayi, chifukwa pulasitala watsopano amawotcha penti n'kumutuwitsa. Mwala weniweni sukhala wa mtundu umodzi, choncho pamafunika mitundu itatu: woyamba wa khoma lonse, wakuderako wolowa m'maenje n'kupukutidwa pamwamba ndi siponji, ndi wowala wongodutsitsa ndi burashi youma. Mtundu wonyowa umaoneka mosiyana ndi mmene udzakhalire ukauma, ndiye munthu asaweruze tsiku lomwelo. Penti wa oyilo apewedwe. Amanyezimira ngati pulasitiki ndipo amatsekera chinyezi mkati.

Simenti wonyowa amawotcha khungu, ndipo fumbi la pokhapa khoma si labwino m'chifuwa. Magolovesi ndi chotchinga pamphuno zilowe m'bajeti, ndipo magetsi azimitsidwe pa switchi yaikulu pogwira ntchito pafupi ndi masoketi.

Pangano ndi mmisiri

Pantchitoyi ndalama zambiri zimapita kumanja, osati kuzipangizo. Si aliyense wodziwa kumanga ndi kupaka pulasitala amene amadziwa kugoba miyala. Zithunzi za pafoni si umboni wokwanira, chifukwa zithunzi zimayenda pa WhatsApp kuposa eni ntchito. Mwini nyumba apemphe kukaona khoma limene mmisiriyo adapanga, makamaka limene lapyola dzinja limodzi, ndipo akaligogode.

Mtengo ugwirizanidwe pa sikweya mita kapena pa khoma lonse, osati pa tsiku, ndipo ulembedwe. Pepalalo linene ntchito zonse: kukhapa khoma, kuwaza matope oyamba, mapulasitala awiri, kugoba, kupaka mitundu ndi kuchotsa zinyalala. Linenenso amene azithirira khomalo masiku 7 aja, chifukwa ntchito imeneyi ikakhala yopanda mwini siichitika. Ndalama ziperekedwe m'magawo, ndipo gawo lomaliza lidikire mpaka mitundu itaikidwa ndipo khoma litauma. Zipangizo mwini nyumba agule yekha n'kusunga malisiti, ndipo matumba a simenti akhale pamatabwa, osati pansi.

Kwa okhala m'nyumba za lendi nkhani ndi ina. Khoma la miyala silisamuka ndi katundu, ndipo mwini nyumba atha kunena kuti khoma lake lidawonongedwa n'kudula ndalama ya dipoziti. Chilolezo cholembedwa chikhalepo ntchito isadayambe. Pakapanda chilolezo, njira yabwino ndi yomata zokongoletsa zopepuka pabolodi loimika limene lingachotsedwe tsiku losamuka.

Mwayi kwa amisiri

Kwa achinyamata amene adaphunzira zomanga m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, kapena amene adaphunzirira pa ganyu, luso limeneli ndi msika wosafuna mpamba waukulu. Zida ndi zomwe ali nazo kale. Chowonjezera ndi nthawi yoyeserera basi. Mabolodi atatu ang'onoang'ono okhala ndi mitundu yosiyana ya miyala, amene kasitomala angawagwire ndi manja, amagulitsa ntchito kuposa kulankhula. Makasitomala si a pabalaza okha. Mizati ya geti, maziko a nyumba, kauntala ya malo odyera ndi khoma lojambulirapo zithunzi paukwati zonse zimafuna luso lomweli.

Poika mtengo mmisiri awerengere masiku onse amene adzabwere pamalopo, kuphatikizapo lodzapaka mitundu pakatha masabata, ndi thiransipoti yake. Amene amatsitsa mtengo podumpha matope oyamba kapena kumata zonse tsiku limodzi amapeza ntchito msanga, koma khoma likagwa dzina lake limagwera limodzi, ndipo m'dera nkhani yotere imathamanga kuposa chithunzi cha ntchito yabwino.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Asadakhudze khoma la pabalaza, mwini nyumba apatule theka la thumba lija, asankhe sikweya mita imodzi kuseri kwa nyumba kapena pampanda, ndipo mmisiri apangepo ntchito yonse monga mmene adzachitire mkati. Pakatha sabata aone mtundu utauma, aone ngati pali ming'alu, n'kugogoda mwala uliwonse. Zikakhala bwino, ntchito iyambe. Zikakanika, ndalama imene yapita ndi ya theka la thumba ndi tsiku limodzi la mmisiri, osati ya khoma lonse.